Wochotsa Robbie Farah ku Wests Tigers sanali kochi yekha

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndikambepo za masewera amene sitimawakamba kawirikawiri mu Chichewa, rugby league, makamaka ligi ya ku Australia imene amaitcha NRL. Ine ndimasapota Wests Tigers ya ku Sydney, ndipo pali nkhani imodzi ya timu imeneyi imene mpaka lero ikandibwerera m'mutu mtima umandiwawa, momwe anamuchitira Robbie Farah mu 2015 ndi 2016. Ndikudziwa ena anena kuti zinapita kalekale zimenezo bwanji osangoziiwala, koma ayi, zomwezi zikuchitikabe m'makalabu ambiri sizoni iliyonse, wosewera wamkulu amachotsedwa mu timu, masapota amakwiya, kochi amatukwanidwa kenako nkuchotsedwa ntchito, koma mabwana amene anavomereza zonsezo ku ofesi amakhalabe pa mipando yawo phee ngati iwo kunalibeko.

Ndinene poyambirira kuti ine sindikutsutsa zoti kochi ali ndi mphamvu yosiya wosewera aliyense panja. Ali nayo ndithu. Ntchito ya kochi ndi imeneyo, kusankha anthu 17 amene akuona kuti awina gemu, kaya wina ndi kaputeni kaya wasewera zaka 12, ngati miyendo yatha ndiye kuti yatha basi. Chimene ndikukana ine ndi choti chiganizo chachikulu ngati chimenechi, chimene chimadya ndalama za kalabu, chimagawanitsa osewera komanso chimathamangitsa masapota, chizisiyidwa pa mutu pa munthu m'modzi pomwe tonse tikudziwa kuti sichingachitike popanda bodi ndi bwana wamkulu wa kalabu kugwedeza mutu.

Kwa amene simuwatsata masewerawa, mbali iliyonse imakhala ndi osewera 13 m'bwalo. Timu imene ili ndi mpira ikagwidwa ka 6 isanagoletse mpira umapita kwa anzawo. Munthu akagwidwa amadzuka nkuukankhira mpira kumbuyo ndi phazi, ndiye amene amautola pamenepo nthawi zambiri ndi hooker, wovala jezi nambala 9. Munthu ameneyu amaugwira mpira kuposa wina aliyense mu timu, ndi amene amasankha kuti upite kumanja kapena kumanzere, kuti athamange nawo yekha kapena awupereke, ndipo timu ikamatchinga iyeyo amakhala pakati penipeni kulimbana ndi zimphona zija zolemera makilo opitirira 100. Ndiye ukachotsa nambala 9 wasintha kasewero konse ka timu, si nkhani yongosinthanitsa majezi ayi.

Farah anali nambala 9 wa Tigers kuyambira ali mnyamata. Anayamba kusewera mu NRL mu 2003, kalabuyi ili yatsopano chifukwa inapangidwa pophatikiza Balmain Tigers ndi Western Suburbs Magpies ndipo inayamba kusewera mu 2000. Mu 2005 anali m'gulu limene linatenga chikho pansi pa kochi Tim Sheens, pomwe anagonjetsa North Queensland Cowboys 30 kwa 16 mu fainolo, tsiku lija Benji Marshall anaponya mpira chakumbuyo osayang'ana kupatsira Pat Richards. Mpaka lero chikho cha Wests Tigers ndi chomwecho chokha. Farah anadzakhala kaputeni kwa zaka zambiri, anasewerera Australia, anasewerera New South Wales mu State of Origin, mpikisano wa magemu atatu pachaka pakati pa zigawo za New South Wales ndi Queensland, ndipo analipo mu 2014 pomwe New South Wales inathetsa ulamuliro wa Queensland umene unatenga zaka 8 zotsatizana. Sindikunena kuti anali mngelo, anali munthu wa mutu wouma, wolankhula zakukhosi, ndipo nkhani zoti samagwirizana ndi makochi zinalembedwapo m'manyuzipepala a ku Sydney ngakhale Jason Taylor asanabwere. Koma anali wathu, anakulira mu kalabu momwemo.

Ndiye mu 2015 kunabwera Jason Taylor kudzakhala kochi kulowa m'malo mwa Mick Potter. Sizoni yake yoyamba isanathe nkomwe, mu Ogasiti, kunamveka kuti kalabu yamuuza Farah kuti ali ndi ufulu wokafuna timu ina, ndipo manyuzipepala analemba kuti ngati akhalabe azikasewera ku timu yachiwiri mu NSW Cup. Apa nkuti munthuyo ali kaputeni, kontrakiti yake yatsala ndi zaka ziwiri zathunthu mpaka kumapeto kwa 2017, komanso ndi hooker woyamba wa New South Wales yense. Masapota anakwiya kwambiri, zikwangwani zinadzadza ku bwalo. Farah anakana kuchoka, anatula pansi ukaputeni nkuutenga Aaron Woods, Farah nkunena kuti amenyera malo ake ngati wina aliyense.

Kuti ndisamulakwire Taylor, maganizo ake sanali amisala. Iyeyu anasewerapo pa mulingo wapamwamba, ku Western Suburbs komweko, ku North Sydney ndi ku Parramatta, mpira amaudziwa. Timu inali ndi anyamata atatu aluso kwambiri, James Tedesco, Luke Brooks ndi Mitchell Moses, ndipo kochi ankafuna kuti anyamata amenewa aziyendetsa timu okha, mpira uziwafikira msanga m'malo moti uzichedwa m'manja mwa nambala 9 amene anazolowera kupanga zinthu yekha. Chinanso ndi salary cap, lamulo la NRL loika malire pa ndalama zimene kalabu ingalipire osewera ake onse pamodzi, ndipo Farah anali m'modzi mwa olandira zambiri. Munthu utha kugwirizana nazo kapena ayi koma mfundo zinalipo. Ndipo timu inakweradi, mu 2015 inathera pa nambala 15 pomwe mu 2016 inathera pa nambala 9.

Koma taonani apa pamene pali vuto langa. Kontrakiti yodula ija anasaina ndani? Taylor anaipeza ilipo kale, inasainidwa iye asanabwere, ndi kalabu yomweyi. Farah sanadzilembere yekha malipiro, anakambirana ndi akuluakulu a kalabu iwo nkuvomera nkusaina. Ndiye patapita zaka ziwiri kalabu yomweyo ikutembenuka nkumati munthuyu akutidyera ndalama, ngati kuti ndalamazo anachita kuba. Ngati kontrakitiyo inali yolakwika ndiye kuti alipo amene analakwitsa ku ofesi, ndipo masapota amayenera kumva kuchokera ku ofesi komweko kuti tinalakwitsa ndife, tinawerengera molakwika, ndipo tachita chakutichakuti kuti zisadzachitikenso. M'malo mwake amene ankaonekera pa kamera sabata ndi sabata anali kochi ndi wosewera, ngati ndewu ya anthu awiri odana basi. Mabwana akasinthana mipando amakonda kunena kuti zimenezo anachita ndi anzathu amene analipo kale, koma kalabu ndi imodzi, ngongole zake sizichoka ndi munthu amene wachoka.

Mu 2016 zinthu zinafika poipa. Farah anasewera magemu onse atatu a State of Origin chaka chimenecho, kutanthauza kuti osankha timu ya New South Wales ankamuona kuti ndi hooker wabwino kuposa onse amene akanatha kutenga, koma atangobwerako mu Julayi kalabu yake inamutsitsira ku NSW Cup. Anali atasewera magemu 247 a Wests Tigers, atatsala ndi atatu okha kuti akwanitse 250. Ena amati manambala ngati amenewa alibe ntchito, kochi sangasankhe timu chifukwa cha chikondwerero cha munthu, ndipo ndikuvomera, koma mtsogoleri wanzeru amadziwa kuti osewera ena onse mu chipinda chovalira akuona. Mnyamata wa zaka 21 amene akuganiza zosaina kontrakiti yatsopano akuyang'ana nkumati ngati akumuchita chonchi munthu amene anawabweretsera chikho, ine adzandichita bwanji bondo likadzathyoka? Funso limeneli silikhala pa pepala la akawunti koma limadzaoneka nthawi yosaina ikakwana.

Tsiku limene Farah anakasewera ku timu yachiwiri pa Leichhardt Oval, limodzi mwa mabwalo a Tigers, anthu anabwera ambiri zedi kudzamuonera, gemu imene masiku ena imaoneredwa ndi abale a osewera ndi anthu ochepa okha. Umenewo unali uthenga wopita ku bodi, osati kwa kochi yekha. Kenako gemu yomaliza ya sizoni pa Leichhardt pomwepo, Tigers imafunika kuwina kuti ilowe mu top 8, matimu 8 apamwamba amene amakalimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, Canberra Raiders inatikwapula 52 kwa 10, Farah asali mu timu, anangozungulira bwalo kutsanzikana ndi anthu kenako nkukakwera pa bolodi yakale ija yolembapo zigoli nkukhala pamenepo yekha. Amene anaona chithunzi chimenecho sangachiiwale. Sindikunena kuti akanasewera tikanawina, kusiyana kwa mapointi 42 munthu m'modzi sangakutseke, koma tsikulo linaonetsa poyera kuti vuto la timu silinali nambala 9.

Zimene zinatsatira ndi zimene zimandipangitsa kulemba kalatayi. Farah anapita ku South Sydney Rabbitohs mu 2017, ndipo Tigers inkalipirabe gawo la malipiro ake kuti azisewerera timu ina, ndalama zimene zinkawerengedwa pa salary cap yathu yomwe ija ankati akufuna kuipulumutsa. Kenako mu Malichi 2017, sizoni itangoyenda magemu atatu okha, bodi inamuchotsa ntchito Jason Taylor. Magemu atatu! Munthu amene munamuikira kumbuyo kwa chaka ndi theka pa nkhondo yolimbana ndi wosewera wotchuka kwambiri wa kalabu, munalola masapota akwiye, munalola ndalama zipite, zonsezo ponena kuti kochi ali ndi pulani ya nthawi yaitali, ndiye mukumutaya sizoni isanafike ngakhale pa kota. Ndipo anyamata aja amene ankati timu imangidwa pa iwo sanakhalitse, Mitchell Moses anapita ku Parramatta sizoni ili mkati, James Tedesco anasaina ku Sydney Roosters komwe anakatenga chikho mu 2018 ndi 2019, kaputeni Aaron Woods anapita ku Canterbury Bulldogs. Anatsala Luke Brooks yekha. Ndiye tinataya wosewera wamkulu, tinataya kochi amene anamuchotsa, tinataya achinyamata amene amati akuwakonzera malo, tinatayanso ndalama.

Apa pali zinthu ziwiri ndipo bodi imayenera kusankhapo chimodzi. Ngati Taylor ankanena zoona ndiye kumuchotsa pa magemu atatu kunali kulakwa. Ngati ankalakwitsa ndiye kumulola kuti amuthamangitse Farah kunali kulakwa. Palibe njira yoti bodi ituluke yoyera mbali zonse ziwiri. Wapampando wa bodi nthawi imeneyo anali mayi Marina Go ndipo bwana wamkulu woyendetsa kalabu anali a Justin Pascoe amene anabwera chakumapeto kwa 2015 nkhaniyi itayamba kale koma anakhalapo mpaka kutha kwake. Ine sindikuwanenera kuti anali ndi mtima woipa, mwina ankachita zimene ankaona kuti ndi zabwino, koma akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ukavomera mpando waukulu wavomeranso kuti zinthu zikapanda kuyenda uimirire pamaso pa anthu unene kuti chiganizochi chinali changa. Kuchotsa kochi kumaoneka ngati kuchitapo kanthu, masapota amapuma pang'ono, atolankhani amasiya kufunsa, koma nthawi zambiri ndi njira yotsekera mafunso asanafike pa khomo la ofesi.

Kochi watsopano Ivan Cleary atabwera, pakati pa 2018 Farah anabwereranso ku Tigers, nkukwanitsa magemu 250 aja, nkusewera mpaka 2019 pomwe anapuma atadutsa magemu 300 a NRL. Munthu yemwe uja ankati watha mu 2015 anaseweranso mu timu yoyamba ya kalabu yomweyo patapita zaka zitatu, ndipo pakatipo anatsogolera Lebanon, dziko la makolo ake, mpaka mu kota fainolo ya World Cup ya 2017. Koma nkhani ya kuchoka kwake sinathere pomwepo. Mu Disembala 2018 NRL inalengeza kuti Tigers inaphwanya malamulo a salary cap chifukwa nthawi imene ankakambirana zoti Farah achoke panali mgwirizano woti akadzapuma adzapatsidwa ntchito yokhala kazembe wa kalabu, ndipo mgwirizanowo sunaperekedwe ku NRL monga mmene malamulo amafunira. Kalabu inalipitsidwa chindapusa, inadulidwa ndalama za salary cap, ndipo a Pascoe anaimitsidwa kwa miyezi ingapo kenako nkubwereranso pa mpando wawo. Taganizani, chilango chodula salary cap amamva kuwawa kwake ndani? Ndi kochi amene sangathe kugula osewera, ndi anyamata amene akumenyedwa m'bwalo, ndi sapota amene wagula tikiti. Ndipo dziwani kuti apa amene anafunsa mafunso ndi NRL, bungwe lakunja, osati kalabu payokha.

Chodabwitsa nchoti phunziro silinalowe. Mu 2020 Benji Marshall, munthu wina wa chikho cha 2005 amene anabwereranso ku kalabu mu 2018, anasiyidwa panja ndi kochi Michael Maguire sizoni ili mkati, ndipo kumapeto kwa chaka sanamupatse kontrakiti ina. Anapita ku South Sydney naye, mu 2021 nkukasewera fainolo, ife tili kunyumba kuonera pa TV. Maguire naye anachotsedwa mu 2022. Tawerengani makochi kuchokera pomwe Sheens anachoka mu 2012, Potter, Taylor, Cleary amene anapita ku Penrith nkukatenga zikho 4 zotsatizana kuyambira 2021 mpaka 2024, Maguire, Sheens kubweranso mu 2023, kenako Benji yemweyo kukhala kochi, osawerengera ogwirizira. Timu inalowa komaliza mu top 8 mu 2011, ndipo mu 2022, 2023 ndi 2024 inathera pansi penipeni pa ligi zaka zitatu zotsatizana. Makochi onsewa sangakhale mbuli onse, Cleary waonetsa kuti si mbuli, Maguire anatenga chikho ndi South Sydney mu 2014 asanabwere kwa ife. Ukasintha makochi kambirimbiri zotsatira nkumakhala zomwezo ndiye kuti matenda ali pamwamba.

Zinatengera mpaka Disembala 2023 kuti zimenezi zivomerezedwe. Eni kalabu a Holman Barnes Group anaitanitsa kafukufuku wa anthu akunja, masapota atakakamiza kwa nthawi yaitali, ndipo zotsatira zake bodi yonse inathetsedwa, wapampando a Lee Hagipantelis anachoka, a Pascoe anachokanso, kunabwera a Shane Richardson kudzayendetsa kalabu ndi a Barry O'Farrell kudzakhala wapampando. Chabwino, zinachitika, koma kuchokera 2016 mpaka 2023 ndi zaka 7, ndipo pa zaka zimenezo osewera angati anauzidwa kuti simukukwanira, makochi angati analongedza katundu? Wosewera amaweruzidwa sabata iliyonse, akalephera kugwira mdani katatu Loweruka ndiye Lachiwiri dzina lake mulibe pa mndandanda wa timu. Kochi amaweruzidwa pa miyezi. Koma wa ku ofesi amatha zaka 7, 8 popanda womufunsa. Kusiyana kumeneku ndi kumene ine ndikuti si chilungamo.

Chimodzi chimene chimapangitsa zimenezi ndi momwe kalabu inapangidwira. Sapota wa Wests Tigers atha kugula umembala chaka ndi chaka, kugula jezi, kupita ku Leichhardt ndi ku Campbelltown mvula ikugwa, koma savotera anthu a mu bodi, amasankhidwa ndi eni kalabu. Yerekezani ndi Canterbury Bulldogs. Kumeneko mu 2017 bodi inamupatsa kochi Des Hasler mgwirizano watsopano kenako chaka chomwecho nkumuchotsa, kaputeni James Graham anapita ku St George Illawarra, Josh Reynolds mwana wa kalabu amene masapota ankamukonda anabwera kwathu ku Tigers. Mamembala anakwiya ndipo chifukwa choti ali ndi voti, mu Febuluwale 2018 anawachotsa wapampando a Ray Dib nkuika mayi Lynne Anderson. Sindikunama kuti zinthu zinasintha pompo, Bulldogs inavutikabe zaka zingapo mpaka inathera pansi pa ligi mu 2021, voti si mankhwala a chilichonse. Koma aliyense wokhala mu bodi kumeneko amadziwa kuti tsiku lina adzaima pamaso pa mamembala nkufotokoza, ndipo munthu amene akudziwa kuti adzafunsidwa amaganiza kawiri asanasaine pepala.

Pali anzanga amene amanditsutsa, amati iwe ukulankhula ndi mtima osati mutu, masewera a masiku ano ndi bizinesi, palibe wosewera wamkulu kuposa kalabu. Mawu amenewo ndimawamva ndipo ndi oona, koma bwanji amanenedwa kwa osewera okha? Ngati palibe wosewera wamkulu kuposa kalabu ndiye palibenso wapampando wamkulu kuposa kalabu, palibe bwana wamkulu woposa kalabu. Ndipo ngati ndi bizinesi, ndi bizinesi yanji imene imalipira munthu kuti azikagwira ntchito kwa opikisana nawo, kenako nkuchotsa manejala amene anabweretsa maganizowo, kenako nkumuitananso munthu uja, kenako nkulipitsidwa chindapusa pa nkhani yomweyo, popanda wina ku ofesi kutaya mpando? Kunena kuti ndi bizinesi ndiye kukuwonjezera mlandu wa bodi.

Komanso si zoona kuti kusintha udindo wa wosewera wamkulu kumayenera kuthera mu udani. Ku England, ku Leeds Rhinos, kochi Brian McDermott anamuchotsa malemu Rob Burrow pa malo ake oyambira nkumamuika pa benchi, Burrow sizinamusangalatse, koma anakhalabe mu timu, ndipo mu fainolo ya ligi ya kumeneko ya Super League ya 2011 pa Old Trafford anachokera pa benchi pomwepo nkugoletsa try imene anthu amaikambabe mpaka lero, nkusankhidwa kukhala wosewera wopambana pa gemuyo. Mu 2015 kalabu yomweyo inatsanzikana ndi Kevin Sinfield, Jamie Peacock ndi Kylie Leuluai nthawi imodzi itatenga zikho zonse zitatu. Kusiyana kwake nkoti kumeneko utsogoleri unali wokhazikika, aliyense amadziwa amene akulamula ndipo mawu a ku ofesi ndi a kochi amakhala amodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Zimene ine ndikufuna si zovuta. Kalabu ikaganiza zosiyana ndi wosewera amene wakhala zaka 10 kapena kuposa, woyamba kumva akhale mwini wake, m'chipinda, maso ndi maso, osati nkhani iyambe yatulukira kwa atolankhani. Tsiku lolengeza, pambali pa kochi pakhale wapampando kapena bwana wamkulu, anene ndi pakamwa pake kuti chiganizochi tachivomereza ndife ndipo chitidyera ndalama zakutizakuti, ndipo ndalama zimenezo zidzaoneke mu lipoti la pachaka kuti membala aliyense athe kuwerenga kuti tinalipira zingati anthu amene sakutisewereranso. Anenenso kuti akuyembekeza chiyani, kaya ndi kulowa mu top 8 pa zaka ziwiri kaya ndi kusunga achinyamata akutiakuti, kuti nthawiyo ikakwana tidzathe kuyeza. Zikakanika asathamangire kuchotsa kochi yekha, amene anasaina nawo ayikenso mpando wake pa tebulo. Ndipo NRL payokha, imene imapereka ndalama zambiri ku makalabu chaka chilichonse, ili ndi mphamvu yonena kuti kalabu iliyonse ikhale ndi mipando ingapo ya mu bodi yosankhidwa ndi mamembala, sindikuona chimene chingalepheretse.

Kwa inu akonzi ndi atolankhani anu a zamasewera pempho langa ndi ili, mukamalemba nkhani ya wosewera wamkulu amene wachotsedwa musamathere pa chithunzi cha kochi ndi wosewera atatembenukirana misana. Muzifufuza kuti kontrakiti anasaina ndani komanso liti, ndalama zomulipira kuti achoke zichokera pati, bodi inakumana liti pa nkhaniyo, ndipo mayina a anthu amenewo muziwalemba, kenako pakatha chaka muzibwereranso kwa iwo ndi mafunso omwewo.

Ndine wanu,
Sapota wa Wests Tigers